Kuteteza njinga ndi katundu pa ulendo wautali wochokera ku Joni: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa amabwera kawirikawiri kuchokera kwa anthu akwathu okhala mu Johannesburg amene akufuna kuyenda masiku angapo pa njinga yakapalasa. Ena ulendo wawo ndi wa Loweruka ndi Lamlungu lokha, wopita ku Magaliesburg, Hartbeespoort kapena Parys. Ena akulingalira ulendo weniweni wa kumudzi, wodzera pa Beitbridge, Nyamapanda, Tete ndi Mwanza, womwe ndi wa makilomita pafupifupi 1,700 kukafika ku Blantyre.

Njinga ya munthu wa pa ulendo imabedwa nthawi yanji kwenikweni?

Akuba njinga alipo a mitundu itatu, ndipo mankhwala awo ndi osiyana.

Woyamba ndi wongodutsa. Sanadzuke ndi maganizo oba njinga, alibe chida chilichonse m'thumba. Wangoona kuti mwatsamiritsa njinga pakhoma la sipaza (kagolosale kakang'ono) n'kulowa kukagula madzi. Amakwera n'kupalasa, kapena amangosolola chikwama chimodzi. Njinga zambiri za apaulendo zimapita chonchi, pa nthawi ya "ndingolowa pang'ono".

Wachiwiri ndi wa zida. Amabwera ndi chodulira zitsulo kapena gilayinda ya batire, ndipo amafuna njinga imene yakhala malo amodzi kwa maola ambiri, makamaka usiku.

Wachitatu ndi wachifwamba amene amakulandani njinga inu muli pachishalo.

Loko amathetsa vuto la woyamba, amachedwetsa wachiwiri, koma kwa wachitatu alibe ntchito. N'chifukwa chake munthu amene waika ndalama zake zonse pa loko wodula, osaganizira kumene njinga idzagone, msewu umene adzadutse ndiponso nthawi yodutsira, wangotseka khomo limodzi pa nyumba ya makomo atatu.

Ndigule loko wamtundu wanji?

Tiyambe ndi amene ambiri tili naye kale: waya wopotana wokutidwa ndi pulasitiki, wa manambala kapena wa kiyi. Amaoneka wonenepa, koma kunenepako ndi kwa pulasitiki. M'kati muli timawaya ting'onoting'ono tolukana, ndipo chodulira chokwana m'thumba la jekete chimatidula m'masekondi ochepa, mopanda phokoso. Waya wotere ndi wabwino pomangira gudumu la kutsogolo kapena zikwama, osati kukhala loko wamkulu wa njinga mu Joni.

Loko wamkulu akhale U-lock, uja wa chitsulo chopindika ngati chilembo cha U. Poyang'ana m'sitolo, onani zinthu zitatu. Choyamba, kunenepa kwa chitsulo chenichenicho, osawerengera labala wokutira: chisachepere mamilimita 13. Chochepera pamenepo chodulira zitsulo chachikulu chimachiluma. Cha mamilimita 16 chodulira cha pamanja sichichitha, koma n'cholemera. Chachiwiri, loko azigwira miyendo yonse iwiri ya U. Wogwira mwendo umodzi, wakuba akadula malo amodzi amangopotoza n'kutsegula. Wogwira iwiri amafuna kudula kawiri, ndiye kuti nthawi ndi phokoso zawirikiza. Chachitatu, chizindikiro cha oyesa maloko. Bungwe la Sold Secure la ku Britain limaika maloko m'magulu a Bronze, Silver, Gold ndi Diamond, ndipo la ART la ku Netherlands limapereka nyenyezi. Wa Gold ndi wokwanira kwa munthu wa pa ulendo. Mawu akuti "heavy duty" olembedwa papaketi ndi otsatsira malonda chabe.

Tcheni cholimba cha mamilimita 8 kapena 10 chili ndi ubwino umodzi umene U-lock alibe: chimazungulira mtengo kapena mzati wonenepa, zomwe mudzapeze kumidzi ndi m'malo ogona a matenti. Vuto lake ndi kulemera, chifukwa mita imodzi ya tcheni cha mamilimita 10 imaposa makilogalamu awiri. Chenjerani ndi tcheni cha m'sitolo ya zomangira nyumba, chija amachidula pa mita. N'chofewa. Ngati wogulitsa wachidula inu mukuona, wakuba naye adzachidula chimodzimodzi.

Gilayinda ya batire imadula U-lock wamba pa mphindi imodzi kapena ziwiri. Alipo maloko opangidwa kuti aziwononga mpeni wa gilayinda, monga Hiplok D1000 ndi Litelok X1, koma ndi odula ndipo amalemera pafupifupi makilogalamu awiri. Kwa munthu amene njinga yake izigona m'chipinda usiku uliwonse, ndalama imeneyo ndi bwino ipite ku malo ogona.

Zonsezi n'zolemera. Pa ulendo wa masabata angapo ndinyamule zingati?

U-lock wamng'ono mmodzi wa pafupifupi kilogalamu imodzi, ndi waya wa mita imodzi ndi theka kapena awiri wokhala ndi mphete mbali zonse. Basi. Ngati mukuyenda awiri, wina anyamule U-lock, wina tcheni chachifupi, muzimanga njinga ziwirizo pamodzi, ina yoyang'ana kutsogolo ina kumbuyo. Njinga ziwiri zomangana, zodzaza katundu, munthu mmodzi sangazinyamule.

Ikani loko pamalo poti dzanja lifike msanga, monga pamwamba pa katundu wa pakaliyala. Loko amene ali pansi pa chikwama, kunsi kwa mapoto ndi zovala, sagwiritsidwa ntchito pa maimidwe aafupi aja, pomwe njinga zimabedwera.

Kamangidwe koyenera ndi kotani?

Yambani ndi chinthu chimene mukumangirapo, musanakhudze loko. Chigwedezeni. Mizati ina ya zikwangwani imazuka, ina ili ndi mabawuti pansi amene amamasuka ndi sipanala, ina ndi yaifupi moti munthu amangokweza njinga n'kuitulutsira pamwamba. Mpanda wa waya ndi nthambi yopyapyala ndi zofewa kuposa loko wanu, ndiye wakuba adzadula zimenezo. Mpanda wa zitsulo zosongoka, umene uli paliponse mu Joni, nthawi zambiri zitsulo zake zimagwiridwa ndi bawuti imodzi pamwamba ndi imodzi pansi. Mangani pa mzati waukulu wozikika mu simenti.

Mukapeza pomangira, U-lock alowe pa zinthu zitatu nthawi imodzi: mzati, gudumu la kumbuyo, ndi chitsulo cha felemu chimene chishalo chimalowamo. Gudumu la kumbuyo ndi lodula kuposa la kutsogolo chifukwa lili ndi magiya. Ngati loko ndi wamng'ono moti zonse sizikwana, mangani limu ya gudumu la kumbuyo ku mzati, koma podutsa m'kati mwa zitsulo zitatu za kumbuyo kwa felemu zija. Gudumu silingatuluke m'menemo lili lomangidwa, choncho felemu nayo yagwidwa.

Kenako tengani waya, mudutsitse pa gudumu la kutsogolo, mulowetse mphete ina m'inzake, ndipo mphete yotsalayo ilowe mu U-lock musanatseke.

Zolakwika zimene zimachitikachitika ndi izi. Kusiya mpata waukulu m'kati mwa U: wakuba amalowetsamo jeke yaing'ono ya galimoto kapena chitsulo chachitali n'kukanula. Kumanga pa chitsulo cha pamwamba cha felemu chokha: amanyamula njinga yonse n'kuizunguza, njingayo n'kukhala chokanulira, ndipo ngakhale loko asathyoke felemu yapindika. Kusiya loko atagona pansi: simenti imakhala posulira, amamumenya ndi hamala. Ndipo cholakwika chakale kwambiri, kumanga gudumu la kutsogolo lokha. Mukayenda m'tauni mudzaona magudumu amasiye ali pa mizati, eni ake anapita wapansi.

Bowo la kiyi liziyang'ana pansi, kuti madzi asalowe komanso kuti munthu asamathe kuligwiragwira momasuka.

Nanga magudumu, chishalo ndi nyali?

Njinga zathu zakale za mtundu wa kabaza zili ndi manati ofuna sipanala ya 15, ndiye wongodutsa sangachotse gudumu ndi manja. Njinga zamakono zambiri zili ndi kachogwirira ka quick release, kamene kamamasula gudumu kapena chishalo pa masekondi asanu. Musananyamuke, sinthani timitengo ta quick release todutsa pakati pa magudumu muike ofuna Allen key ya 5. Ndi otsika mtengo, ingouzani wogulitsa kukula kwake: kutsogolo kawirikawiri ndi mamilimita 100, kumbuyo 130 kapena 135. Alipo ena monga Pitlock ndi Pinhead okhala ndi kiyi wawowawo. Ndi abwino, koma mukataya kiyiyo muli pakati pa Masvingo ndi Harare, tayala likaphwa simudzatha kuchotsa gudumu.

Pa mabawuti a chishalo ndi mahandulo pali nzeru ya amakaniko. Tengani kampira kachitsulo ka m'habu ya kutsogolo, kaja ka 3/16 inchi, mukaike m'mutu mwa bawuti ya Allen key ya 5, mudonthezerepo phula la kandulo. Allen key ya wakuba siilowa. Inu mukafuna kumasula, mumatenthetsa pang'ono n'kukatokosola ndi singano. Ena amaika guluu wa supa, koma ameneyo amafuna asetoni kuti asungunuke, zomwe pa ulendo n'zovuta. Chishalo chodula mungachimangenso ku felemu ndi chidutswa cha tcheni chakale cha njinga, mutachilowetsa mu chubu chakutha kuti chisakande penti.

Nyali, pampu, foni ya pamahandulo ndi kakompyuta kowerengera makilomita: chilichonse chochoka ndi dzanja limodzi chichoke nanu limodzi.

Ndili ndekha ndipo ndikufuna kugula chakudya. Zikwama ndizitani?

Ili ndi funso lovuta kuposa onse, chifukwa zikwama za m'mbali zinapangidwa kuti zizichoka mwachangu. Mukakoka chogwirira, ngowe zake zimatseguka zokha.

Njira yabwino ndi kusankha sitolo molingana ndi njinga, osati molingana ndi mitengo. Sitolo ya pamalo omwetsera mafuta, sipaza kapena golosale yaing'ono, pomwe mukuona njinga pawindo kapena pakhomo uku mukulipira, ndi yabwino kuposa sitolo yaikulu ya mu mall pomwe mudzasowa kwa theka la ola. Buledi akhoza kudulako ndi maranda awiri, koma simudzataya tenti. Pamalo omwetsera mafuta pali anthu ogwira ntchito usana ndi usiku ndiponso makamera. Perekani moni kwa othira mafuta, pemphani kuti muimike njinga pafupi ndi chitseko.

Chikwama cha pamahandulo chizilowa nanu nthawi zonse, ngakhale kuchimbudzi. Zikwama zina zija, dutsitsani waya m'zogwirira zake mpaka ku kaliyala, kapena mangani ngowe zake ndi tizingwe ta pulasitiki tomangira mawaya. Sizingaletse munthu wa mpeni, koma woti angosolola n'kuthawa zimamukanika. Pamwamba pa katundu yanikani thaulo lakuda kapena masokosi a dzulo. N'zoseketsa, koma katundu wooneka wotopa sakopa maso.

Ngati mwaima pamalo opanda pomangira, chitani izi zonse pamodzi, sizitenga mphindi: tsekani U-lock pa gudumu la kumbuyo ndi felemu, finyani buleki ya kutsogolo muimange ndi lamba kapena chidutswa cha chubu, mangani lamba wa chisoti m'masipoko, ndipo sunthani zosinthira magiya njinga itaima kale. Munthu akayesa kupalasa, tcheni chimadumpha n'kukodwa. Ingokumbukirani kubweza magiyawo musanakwere, apo ayi mudzathyola tcheni nokha.

Alonda a magalimoto ovala zonyezimira aja ndingawasiyire njinga?

Angakuonereni, ndipo ambiri ndi anthu okhulupirika, ena ndi akwathu ndithu. Koma mlonda mmodzi akuyang'ana magalimoto ambiri, ndipo galimoto ikamatuluka amathamangira komweko. Mangani njinga kaye, kenako mupempheni kuti aziponyako diso, mumuuze kuti mudzamupatsa kangachepe pobwera. Chovala chonyezimira aliyense akhoza kugula. Funsani a m'sitolo ngati munthuyo ndi wa pamalopo.

Usiku njinga igone kuti?

M'chipinda momwe mukugona inu. Funsani zimenezi pa foni musanalipire: "Ndili ndi njinga, ndilowa nayo m'chipinda?" Malo ogona ambiri aang'ono amalola ngati ili yoyera, choncho pukutani matayala ndipo pemphani chipinda cha pansi. Akakuuzani kuti ili bwino panja chifukwa pali mpanda wamagetsi ndi geti, kumbukirani kuti magetsi akazima kwa maola angapo mabatire a mipanda ina amatha, ndiponso kuti alendo anzanu ali m'kati mwa mpanda womwewo. Ngati akana, pemphani sitolo yokhoma kapena galaja, muimangebe ku chinthu cholimba m'katimo, ndipo zikwama zonse zilowe m'chipinda.

Pogona mu tenti, fikani kukadawala. Kugona pakati n'kuyambirira: wofika msanga amasankha malo apakati, pafupi ndi mtengo wabwino ndi anthu ena, pomwe wofika mdima amagona m'mphepete mwa mpanda. Mangani njinga ku mtengo pafupi ndi tenti kumene kuli mutu wanu. Ngati palibe mtengo, igonekeni pansi, muitseke, muifunditse ndi pulasitiki kuti zonyezimira zake zisawale munthu akaunika ndi tochi. Kenako mangani chingwe chopyapyala kuchokera ku gudumu mpaka ku mzati wa tenti, kapena ikani mapoto ndi masipuni pamwamba pa masipoko. Alamu yaing'ono yolira njinga ikagwedezeka imagwira ntchito yomweyo, ngakhale imaliranso ndi mphepo kapena galu. Zikwama zigone m'kati mwa tenti, osati pakhonde lake, pomwe dzanja limafika kuchokera kunja. M'malo ngati Hartbeespoort ndi m'mapiri a Magaliesberg muli anyani ndi apusi odziwa kutsegula zikwama, ndiye chakudya chisakhale panja.

Kugona patchire mu South Africa n'kosiyana ndi kwathu. Malo ambiri a m'mbali mwa msewu ndi mafamu a anthu, otchingidwa ndi waya, ndipo kulowa popanda chilolezo ndi mlandu. Dzuwa likakutherani, pemphani pafamu masana akadalipo, kapena pa tchalitchi, kapena papolisi. Mukawoloka mtsinje wa Limpopo kulowa mu Zimbabwe, mwambo umene mukuudziwa kale umagwira ntchito: kaonekereni kwa amfumu, amene ku Zimbabwe amawatchula sabhuku ndipo ku Mozambique régulo. Mlendo amene amfumu amulandira, njinga yake ili m'manja mwa mudzi wonse.

Kutuluka mu Johannesburg, ndipewe bwanji achifwamba a pamsewu?

Achifwamba a njinga amadikira pomwe wopalasa wachepetsa liwiro ndipo palibe anthu: pamtunda wautali, pansi pa milatho, pomwe udzu watalika m'mbali mwa njira, pa kanjira ka m'mbali mwa mtsinje. Njira ya Braamfontein Spruit, yodutsa ku Emmarentia ndi Delta Park, ndi yokongola ndipo Loweruka m'mawa imadzaza okwera njinga, koma pakati pa sabata munthu ali yekha ndi zikwama zinayi asaidutse. Njinga yodzaza katundu siithawa, ndipo imaonekera patali kuti mwini wake wanyamula zonse ali nazo.

Lamulo sililola njinga yakapalasa pa freeway (misewu ikuluikulu ya magalimoto othamanga), choncho M1, M2 ndi zigawo za N1, N3 ndi N12 zozungulira mzindawu si zanu. Opita kumpoto amatsata R101, msewu wakale wodutsa Midrand, Centurion, Pretoria, Bela-Bela, Modimolle ndi Mokopane mpaka Polokwane. Opita ku Hartbeespoort ambiri amadzera R512 ya ku Lanseria, opita ku Magaliesburg R24 kudzera ku Krugersdorp. Dera la Cradle of Humankind limakhala ndi okwera ambiri kumapeto kwa sabata, ndipo kunyamuka nthawi imodzi ndi magulu amenewo n'kothandiza.

Malo oopsa amasintha. Pomwe panali bata chaka chatha pakhoza kukhala povuta mwezi uno, choncho funsani kusitolo ya njinga ya m'dera lanu masiku ochepa musananyamuke, ndipo pa ulendo funsani othira mafuta ndi oyendetsa matakisi za makilomita 30 a kutsogolo. Safunsa anadya phula. Palibenso manyazi kukweza njinga pa bakkie (pikapu) ya mnzanu kuti akakutsitseni kunja kwa mzinda.

Nthawi nayo ndi chitetezo. Nyamukani kukangocha, osati kukadali mdima. Mu June ndi July dzuwa limalowa isanakwane 6 koloko, choncho pofika 3 koloko masana muzikhala mukudziwa kumene mugone. Zomvera nyimbo m'makutu zisiyeni m'chikwama.

Akandiimitsa ndi mpeni kapena mfuti?

Tsikani, siyani njinga, bwererani m'mbuyo manja akuoneka. Musakangane, musawathamangitse. Zimene mungachite zonse zinayenera kuchitika kale m'mawa: ndalama yochepa ili m'thumba losavuta kufika, pomwe pasipoti, khadi ya kubanki ndi ndalama zenizeni zili m'kachikwama ka m'kati mwa zovala. Akapita, yendani kupita komwe kuli anthu. Mu South Africa nambala ya apolisi ndi 10111, ndipo 112 imagwira pa foni ya m'manja iliyonse.

Mapepala, ndalama ndi foni ndizisunge bwanji?

Kwa ife obwera, kutaya pasipoti yokhala ndi pemiti n'kowawa kuposa kutaya njinga. Pasipoti ikhale pathupi, m'kapulasitiki chifukwa cha thukuta ndi mvula ya masana. Musananyamuke jambulitsani makope a tsamba la chithunzi ndi la pemiti, mukadinditse papolisi, zomwe n'zaulere, muike kope imodzi m'chikwama cha kumbuyo, ina musiyire m'bale, ndipo zithunzi zake mudzitumizire pa imelo. Pasipoti ikatayika, makope amenewa ndi kalata ya kupolisi ndi zimene mudzapite nazo ku ofesi ya kazembe wa Malawi ku Pretoria kapena ku Consulate ya mu Johannesburg.

Ndalama zigawidwe patatu: ya lero m'thumba, yambiri pathupi, ina yobisika panjinga, mwachitsanzo m'kapulasitiki kolowetsedwa m'chitsulo cha chishalo. Opita kumudzi asanyamule ndalama zonse za chaka pa njinga. Tumizani patsogolo kudzera ku Mukuru kapena njira ina yotere, mukazipeze pa Airtel Money kapena Mpamba.

Pa foni, imbani *#06# mulembe papepala nambala ya IMEI, yozindikiritsa foniyo. Ikabedwa, kampani yanu ya foni imatseka SIM ndi foniyo n'kukupatsani nambala ya ITC yosonyeza kuti foniyo yatsekedwa, imene apolisi amaifunsa. Potchaja m'malo odyera, tchajani power bank, foni ikhale m'thumba.

AirTag kapena zina zolondolera zimathandiza?

Zimathandiza kupeza, osati kuletsa kuba, ndipo muyenera kumvetsa kagwiridwe kake. AirTag ndi kachipangizo kakang'ono ka kampani ya Apple kolondolera katundu, koma ilibe GPS. Imadalira ma iPhone a anthu odutsa pafupi kuti anene pomwe ili, monganso SmartTag ya Samsung imadalira mafoni a Galaxy. Mu Sandton kapena Rosebank idzakuuzani malo pafupipafupi. Pakati pa Tete ndi Zobue ikhoza kukhala chete masiku. Imachenjezanso munthu amene ikuyenda naye kuti pali chomulondola, ndiye wakuba akhoza kuifufuza n'kuitaya. Musaiike m'kati mwa chitsulo cha felemu, chifukwa chitsulo chimatchinga siginolo yake. Pansi pa choikira botolo kapena m'kati mwa belu lopangidwira zimenezi ndi bwino. Batire yake ndi CR2032 ndipo imatha pafupifupi chaka, muike yatsopano musananyamuke.

Ikakuonetsani nyumba imene njinga ili, pitani kupolisi ndi foniyo. Musapite nokha kapena ndi gulu la anzanu.

Kuika zithunzi za ulendo pa Facebook kapena Strava kuli ndi vuto?

Ikani za dzulo, osati za pomwe mwagona lero. Pa Strava, pulogalamu ya pa foni yojambula njira imene mwapalasa, bisani poyambira ndi pothera ulendo uliwonse, chifukwa mzere umene umayambira pageti lomwelo tsiku ndi tsiku, pamodzi ndi chithunzi cha njinga, wauza kale wakuba nyumba yake.

Ndikufuna kukweza njinga pa basi ya kumudzi, kapena kubwerera nayo pa basi.

Pemphani katoni yakale kusitolo ya njinga. Chotsani mapedulo ndi sipanala ya 15, pokumbukira kuti ya kumanzere imamasukira mbali yosiyana, tembenuzani mahandulo, chotsani gudumu la kutsogolo muliike m'katoni momwemo. Tizinthu tating'ono monga mapedulo, timitengo ta magudumu ndi nyali tikhale m'chikwama chanu cha m'manja. Lembani dzina ndi nambala ya foni mbali zonse, muzunguze tepi yambiri, ndipo musachoke mpaka mwaona katoniyo italowa m'ngolo ndipo mwalandira tikiti ya katundu. Ku Park Station ndi malo ena okwerera mabasi, munthu amene wakuthamangirani kuti akunyamulireni katundu asagwire kanthu mpaka mutatsimikiza kuti ndi wa basiyo.

Pomwe katundu amasokonekera kwambiri ndi pa malire, akatsitsa zonse kuti a kasitomu aone, kawirikawiri usiku. Imani pafupi ndi katoni yanu mpaka ibwerere m'ngolo. Lisiti ya njinga ikhale pafupi, a MRA akafuna kudziwa mtengo wake. Ngati mudzabwerera nayo, pemphani a kasitomu a ku South Africa (SARS) kuti ailembe ndi nambala yake potuluka.

Powoloka malire mukupalasa nokha, njinga imatsala panja inu muli pamzere wodinditsa. Imangeni pomwe pali ofesala kapena mlonda, ndipo osintha ndalama akakuzungulirani, dzanja limodzi likhale pa chikwama cha pamahandulo.

Ndisananyamuke ndilembe chiyani za njinga yanga?

Itembenuzeni. Pansi pa felemu, pomwe pamadutsa chitsulo cha mapedulo, pali nambala yodindidwa. Pa njinga zina ili pafupi ndi gudumu la kumbuyo kapena kutsogolo kwa felemu. Ijambuleni, muilembenso papepala. Jambulani njinga mbali zonse ziwiri, zipsera zake, ndi chithunzi chimodzi muli nayo inuyo. Sungani lisiti. Pomaliza, lembani dzina ndi nambala yanu pa kapepala, mukakute ndi tepi, mukalowetse m'kati mwa mahandulo kapena m'chitsulo cha chishalo. Tsiku lokangana kuti njinga ndi ya yani, mudzangopempha Allen key pamaso pa wapolisi.

Yabedwa. Ndiyambire pati?

Funsani nthawi yomweyo anthu a pamalopo ndi eni makamera, chifukwa makina ambiri amafufuta zithunzi pakapita masiku ochepa. Kenako katsegulitseni mlandu papolisi, mutatenga nambala ya felemu ndi zithunzi. Mudzalandira nambala ya mlandu yotchedwa CAS, kawirikawiri pa SMS. Popanda imeneyi a inshuwalansi sakuthandizani, ndipo njinga ikapezeka n'kovuta kuitenga. Lengezani pa tsamba la pa intaneti la Bike Hub, pomwe pali gawo la njinga zobedwa, m'magulu a okwera njinga ndi a WhatsApp a akwathu, ndiponso m'masitolo a njinga a m'deralo. Kwa masabata angapo yang'anani pa Facebook Marketplace ndi Gumtree, osati mu Joni mokha.

Lamulo la Second-Hand Goods Act la 2009 limalamula ogula ndi kugulitsa katundu wakale kulembetsa kupolisi, kulemba chiphaso cha aliyense wowagulitsa katundu, ndi kusunga katunduyo masiku 7 asanamugulitse kapena kumusintha maonekedwe. Sabata yoyambayo ndi imene muyenera kuzungulira m'masitolo oterowo ndi chithunzi ndi nambala ya CAS. Mukaiona, kaya m'sitolo kaya pa intaneti, musanene kuti ndi yanu. Jambulani, sungani nambala ya wogulitsa, muuze wapolisi amene akufufuza mlandu wanu.

Wina akundigulitsa njinga yabwino motchipa kwambiri. Ndigule?

Onani pansi pa felemu. Nambala ikakhala yopalidwa, yopakidwa penti watsopano kapena yomatidwa, siyani. Funsani lisiti, funsani kumene anaigula, ndipo wogulitsa alole kuti mujambule chiphaso chake ndi kulemberana kalata ya malonda. Njinga ya mapiri ya magiya apamwamba yogulitsidwa pa maloboti pa mtengo wa wilibala ili ndi mwini wake amene akuifuna. Mu South Africa kupezeka ndi katundu woganiziridwa kuti ndi wobedwa, popanda kufotokoza zomveka, ndi mlandu pawokha, ndipo kwa munthu wa pemiti mlandu wotere umafika mpaka pa mapepala.

Inshuwalansi ndi yofunika?

Ngati njinga ndi yodula moti simungagule ina chaka chino, inde. Werengani zinthu zinayi: ngati njinga yalembedwa payokha ndi nambala yake kuti itetezedwe kunja kwa nyumba, mtundu wa loko umene akufuna ndi lamulo lomangira ku chinthu chosasuntha, mayiko amene chitetezocho chimafika, ndi ndalama imene mumalipira nokha pa dandaulo lililonse. Zikwama ndi za m'kati mwake nthawi zambiri zimafuna kulembedwa padera. Sungani lisiti ya loko ndi makiyi ake onse.

Kiyi watayika, kapena loko wakana kutseguka ndili kutali.

Fumbi la m'misewu ya dothi ndi mvula ndi zimene zimaumitsa loko. Kamodzi pa sabata donthezani mafuta a tcheni pang'ono pomwe miyendo ya U imalowera, ndi kadontho kamodzi m'bowo la kiyi. Maloko ambiri a njinga amafuna kuti kiyi alowe mpaka kumapeto musanapotoze. Akakakamira, mutulutseni, mumugwedeze pang'ono polowetsanso, osakakamiza, chifukwa kiyi wothyokera m'kati ndiye mapeto. Kiyi wachiwiri akhale m'kachikwama ka pathupi kaja, osati pa mphete imodzi ndi woyamba, ndipo nambala yolembedwa pa kiyi kapena pa kakhadi kake muijambule, popeza makampani ngati Abus ndi Kryptonite amadula kiyi wina potengera nambala imeneyo.

Zikakanika zonse, wowotcherera zitsulo aliyense ali ndi gilayinda. Koma musayambe kudula musanauze mwini sitolo, mlonda kapena wapolisi wa pafupi, mutawaonetsa chithunzi chanu muli ndi njingayo ndi nambala ya felemu. Anthu odutsa akaona mlendo akudula loko wa njinga pamsewu, sayamba ndi kufunsa.